Maulana Shibli Nomani: mwana wa madrasa amene anakaphunzitsa pa koleji



Phunziro lathu la sabata ino ndi la munthu amene ambiri mwa ife sitinamumvepo, ngakhale kuti zipatso za ntchito yake ena tinadyako osadziwa. Awa ndi Maulana Shibli Nomani a ku India, Allah awachitire chifundo. Anali mphunzitsi wa pa koleji, wolemba mbiri, mlakatuli komanso mmodzi mwa akatswiri akuluakulu a chiyankhulo cha Urdu. Anamwalira mu 1914, zaka zoposa 100 zapitazo.

Ndikudziwa kuti wina wafunsa kale mumtima: shehe wa ku India, wolemba m'chiyankhulo choti sitichimva, akutikhudza pati ife a ku Malawi? Akutikhudza pa funso limene analimbana nalo moyo wawo wonse, lomwenso tili nalo ife lero. Kodi ilimu ya ku madrasa ndi maphunziro a kusukulu zingakhale m'mutu umodzi n'kumathandizana? Ine ndinayambira alifu, be, te pa mkeka wa madrasa kwathu kwa Kanduku ku Mwanza, pano ndili ku yunivesite, ndipo mbali zonse ziwiri zimanyozana. Uku amati ana a sukulu dini anaitaya. Uko amati a madrasa amangoloweza zinthu zoti sizingawadyetse nsima. A Shibli anakhalako mbali zonse ziwirizi, ndipo zimene anachita nazo ndiye phunziro lathu.

CHIURDU N'CHIYANI?

Amene munaswaliko m'mizikiti ina ya ku Limbe, Blantyre kapena Lilongwe mwina munamvako bayan ikuyankhulidwa m'chiyankhulo ichi, wina n'kumamasulira. Ambiri timangoti Chimwenye, koma ku India ziyankhulo n'zambirimbiri, ndipo Chiurdu ndi chimodzi chabe. Chinakulira kumpoto kwa India. Chimalembedwa kuchokera kumanja kupita kumanzere, ndi zilembo za Chiarabu zimene zinawonjezeredwa zina, ndipo chili ndi mawu ambiri a Chiarabu ndi a Chifarisi, chiyankhulo cha ku Iran. Lero ndi chiyankhulo cha dziko la Pakistan, ndipo ku India anthu mamiliyoni ambiri amachiyankhula.

Chofunika kudziwa n'chakuti kwa nthawi yaitali ma ulama a kumeneko nkhani zakuya ankazilemba m'Chiarabu kapena m'Chifarisi. Chiurdu chinali cha pakhomo, cha kumsika ndi cha ndakatulo. M'zaka za m'ma 1800 kunabwera anthu amene anayamba kulemba mbiri, malamulo, nzeru za dziko ndi za dini m'chiyankhulo cha anthu wamba. Ophunzira zolemba za Chiurdu amatchula mayina 5 ngati mizati ya kalembedwe katsopanoko: Sir Sayyid Ahmad Khan, Altaf Husain Hali, Nazir Ahmad, Muhammad Husain Azad ndi Shibli Nomani. Mwa onsewa, wamng'ono anali Shibli. Sungani mfundo imeneyi, tiipezanso tikafika pa Chichewa chathu.

KUCHOKERA KU BINDWAL

Anabadwa mu 1857 m'mudzi wa Bindwal, m'boma la Azamgarh, kumpoto kwa India. Chaka chimenechi ndi chomwe anthu a ku India anaukira ulamuliro wa Angerezi n'kugonjetsedwa, ndipo ufumu wa Mughal unathera pomwepo. Choncho mwanayu anakulira pakati pa Asilamu amene anali atangotaya ulamuliro, chuma ndi kudzidalira.

Bambo awo, Shaikh Habibullah, anali loya, koma Shibli anaphunzira m'njira yakale ya madrasa. Mphunzitsi amene anawaumba kwambiri ndi Maulana Farooq Chiryakoti. Kenako anayenda kutsata aphunzitsi: fiqhi ku Rampur, zolemba za Chiarabu ku Lahore, hadisi ku Saharanpur. Dzina lakuti Nomani silinali la banja lawo. Linabwera chifukwa chokonda Imam Abu Hanifa, amene dzina lawo lenileni linali Nu'man ibn Thabit. Mu 1876, ali ndi zaka 19, anapita ku Hajj, ndipo ku Madina anapeza mpata wofufuza m'nyumba zosungira mabuku. Atabwerako anayesako ntchito ya uloya ngati bambo awo, koma mtima sunali kumeneko.

PA KOLEJI YA ALIGARH

Pa nthawiyo Sir Sayyid Ahmad Khan anali atatsegula koleji mumzinda wa Aligarh, yotchedwa Muhammadan Anglo-Oriental College, imene mu 1920 inasanduka Aligarh Muslim University. Iwo ankaona kuti Asilamu akutsalira chifukwa chokana Chingerezi ndi sayansi. Nkhaniyi si yachilendo kwa ife. Kuno m'nthawi ya atsamunda sukulu zambiri zinali za mishoni, ndipo makolo ambiri achisilamu ankaopa kutumizako ana poopa kuti akasiya dini. Mantha awo anali ndi chifukwa, koma mtengo wake tinalipira kwa mibadwo ingapo.

Mu 1883 a Shibli anayamba kuphunzitsa Chiarabu ndi Chifarisi pa kolejiyo. Tangoganizani: mnyamata wa zaka 25, wophunzira za madrasa zokhazokha, ali pakati pa aphunzitsi ochokera ku England ndi ophunzira ovala masuti. Munthu wotere amatha kuchita chimodzi mwa ziwiri. Kaya achite manyazi ndi kumene anachokera n'kuyamba kutsanzira chilichonse, kaya adzitsekere pakona n'kumati zonse za pano ndi ukafiri. A Shibli sanatenge njira iliyonse mwa ziwirizi. Sir Sayyid anawalola kuwerenga mabuku a m'nyumba mwawo, ndipo iwo anayamba kuona mmene olemba mbiri a ku Ulaya amasanjira nkhani, mmene amafunsira chifukwa chimene chinthu chinachitikira, ndi mmene amasonyezera kumene atenga mfundo iliyonse.

Mu 1888 pa kolejipo panabwera mphunzitsi wa ku England, Thomas Arnold. Awiriwa anagwirizana. Shibli ankathandiza Arnold pa Chiarabu, Arnold ankaphunzitsa Shibli Chifalansa ndi njira za kafukufuku za ku Ulaya. Arnold yemweyu ndi amene mu 1896 anatulutsa buku lotchedwa The Preaching of Islam, lofotokoza mmene Chisilamu chinafalikira kudzera mwa alaliki ndi amalonda. Apa pali chinthu choti tione, abale anga. Shehe sanachite manyazi kukhala wophunzira wa munthu amene sanali Msilamu, ndipo sanaiwale kuti nayenso ali ndi choti aphunzitse.

Mu 1892 anayenda ulendo wopita ku Istanbul, Beirut, Jerusalem ndi Cairo. Ku Istanbul anakhala miyezi ingapo akuwerenga ndi kukopera mabuku akale olembedwa pamanja amene ku India kunalibe. Kunalibe foni yojambulira, kunalibe intaneti. Ukafuna tsamba, umalilemba wekha ndi dzanja. Ulendowu anaulemba m'buku lake, Safarnama-e-Rum-o-Misr-o-Sham.

RIWAYA NDI DIRAYA

Apa ndiye pagona phunziro lathu, ndiye tiyende pang'onopang'ono.

A Shibli ankanena kuti nkhani iliyonse ya mbiri iyenera kuyesedwa ndi miyeso iwiri. Woyamba ndi riwaya: wanena ndani, anamva kwa ndani, kodi unyolo wa oifotokoza ukufika kwa munthu amene analipo, nanga anthuwo ndi odalirika? Uwu ndi muyeso wa ma ulama a hadisi, umene aliyense wodutsa ku madrasa amaudziwa ndi dzina lakuti isnadi. Wachiwiri ndi diraya: kodi nkhaniyo payokha ikugwirizana ndi zimene tikudziwa za nthawi imeneyo, za malowo, za khalidwe la anthuwo ndi mmene zinthu zimayendera pa dziko? Diraya sanaibwereke ku Ulaya. Ma ulama a hadisi ankayesa kale mawu a nkhani osati unyolo wokha, ndipo Ibn Khaldun, amene anamwalira mu 1406, anadzudzula olemba mbiri ongokopera zinthu zosatheka. Chimene a Shibli anachita ndi kutenga miyeso iwiriyi n'kuigwiritsa ntchito pa mabuku a mbiri, kumene anthu ankalekerera kwambiri.

Chitsanzo chake nachi. M'nthawi yawo kunali nkhani yofala m'mabuku a ku Ulaya yakuti Asilamu atalanda mzinda wa Alexandria ku Egypt, cha m'ma 642, Khalifa Umar, Allah asangalale nawo, analamula kuti mabuku a m'laibulale yotchuka ya mumzindawo awotchedwe, ndipo akuti anatenthetsera madzi osamba kwa miyezi 6. Ophunzira achisilamu ankaiwerenga m'kalasi n'kumaweramitsa mitu.

A Shibli sanatukwane munthu. Analemba kabuku kofufuza nkhaniyi. Funso loyamba: anayamba kuinena ndani? Olemba oyambirira a mbiri ya kulandidwa kwa Egypt, monga Ibn Abd al-Hakam, al-Baladhuri ndi al-Tabari, saitchula. John wa ku Nikiu, bishopu wachikhristu wa ku Egypt amene analemba za nkhondoyo m'zaka 100 zomwezo ndipo sankawakonda Aarabu, nayenso saitchula. Nkhaniyi ikutulukira m'zaka za m'ma 1200, patapita zaka pafupifupi 600, yopanda unyolo uliwonse. Funso lachiwiri: kodi laibulaleyo inalipo n'komwe pa nthawi ya Umar? Mbali ina inapsa pa nkhondo ya Julius Caesar, Yesu mwana wa Maryam asanabadwe, ndipo kachisi wa Serapeum, kumene kunkakhala mabuku ena, anagwetsedwa mu 391. Ngakhale Edward Gibbon, wolemba mbiri wa ku England, anali ataikayikira kale nkhaniyi m'zaka za m'ma 1700. Lero akatswiri ambiri a mbiri amaikana.

Koma tamverani ichi. Ena mwa anthu oyamba kuilemba nkhani imeneyi anali Asilamu, Abd al-Latif al-Baghdadi ndi Ibn al-Qifti. Ndipo mmodzi mwa oikayikira anali Mngerezi. Ndiye nkhani sikhala yoona chifukwa wailemba ndi Msilamu, sikhalanso yabodza chifukwa wainena si Msilamu. Imayesedwa basi.

Chenjezo pang'ono, chifukwa ndikuwadziwa anzanga a ku yunivesite. Diraya si chilolezo choti aliyense amene wawerenga mabuku awiri azikana hadisi yoti saikonda. A Shibli anafika pa diraya atatha zaka pa Chiarabu, fiqhi ndi hadisi pamaso pa aphunzitsi. Ngakhale atatero, ma ulama ena anatsutsana nawo pa mfundo zingapo, ndipo mikanganoyo ilipo mpaka lero. Mpeni wakuthwa umafuna dzanja lozolowera.

AL-FAROOQ

Ali ku Aligarh analemba mbiri ya Khalifa al-Ma'mun, kenako Sirat al-Nu'man, mbiri ya Imam Abu Hanifa, mu 1891. Koma buku limene linawatchukitsa kwambiri ndi Al-Farooq, mbiri ya Umar ibn al-Khattab, limene anamaliza mu 1898. Linamasuliridwa m'ziyankhulo zingapo, kuphatikizapo Chingerezi.

Ambiri tikamva za Umar timakumbukira kulimba mtima kwawo, kulowa kwawo Chisilamu, ndi kuyenda kwawo usiku kuzonda anthu ovutika. Zonsezo m'bukumo zilimo. Koma gawo lachiwiri likufunsa mafunso amene ulaliki wa pa Jumu'a kawirikawiri sufikako. M'zaka 10 za ukhalifa wawo, kuyambira 634 mpaka 644, dziko linkayendetsedwa bwanji? Linagawidwa bwanji m'zigawo? Abwanamkubwa ankasankhidwa bwanji, nanga akalakwa ankawatani? Makhoti ndi oweruza anakhazikitsidwa motani? Minda ya ku Iraq inayezedwa bwanji kuti msonkho ukhale wachilungamo? Bukuli likufotokoza za Baitul Maal, za kaundula wa malipiro, za mizinda yatsopano ya Kufa, Basra ndi Fustat, za ngalande za madzi, za chiyambi cha kalendala ya Hijra, ndi za ufulu wa anthu amene sanali Asilamu.

Inu amene mukuphunzira za malamulo, za chuma, za ulimi kapena za kayendetsedwe ka boma, mukuona? Mafunso amenewa ndi a pa koleji. Mabuku oyankhira anali a Chiarabu, oti amawerenga ndi wa madrasa. Wa koleji yekha sakanatha kuwawerenga, wa madrasa yekha mwina sakanafunsa choncho. Bukuli linabadwa chifukwa maphunziro awiriwa anakumana mwa munthu mmodzi.

NADWA NDI MINGA YAKE

Sir Sayyid atamwalira mu 1898, a Shibli anachoka ku Aligarh. Kwa nthawi anali asakukhutira. Ankaona kuti ophunzira ambiri akutenga Chingerezi ndi kavalidwe kake koma ilimu ya dini yawo ili yochepa, ndipo pa ndale sankagwirizana ndi kuyandikira kwambiri boma la Angerezi. Anagwirako ntchito ya maphunziro ku Hyderabad, kumene analemba mabuku monga Al-Ghazali ndi Al-Kalam.

Mtima wawo unali pa bungwe la Nadwatul Ulama, limene linachita msonkhano wake waukulu woyamba ku Kanpur mu 1894 motsogozedwa ndi Maulana Muhammad Ali Mungeri, ndipo mu 1898 linatsegula Darul Uloom ku Lucknow. Kuyambira 1905 a Shibli ndi amene ankayang'anira maphunziro kumeneko. Ankafuna kuti wophunzira azitha kuyankhula ndi kulemba Chiarabu, osati kungoloweza malamulo ake. Ankafuna Qur'an ipatsidwe nthawi yochuluka kuposa mabuku akale a mikangano ya nzeru za Agiriki. Ankafunanso Chingerezi chiphunzitsidwe, kuti shehe azitha kuyankha mafunso a m'nthawi yake.

Sizinayende bwinobwino. Ku Aligarh ena ankawaona ngati shehe wachikale, ku Nadwa ena ankawaona ngati munthu wa Aligarh wobweretsa zachizungu. Ena anafika pokayikira chikhulupiriro chawo chifukwa cha mabuku awo a kalam. Nawonso a Shibli sanali munthu wofewa pa mkangano, cholembera chawo chinkaluma. Mu 1913 anatula pansi udindo. Ndikunena izi kuti tisaganize kuti kuima pakati n'kokoma. Woima pakati miyala imamupeza kuchokera uku ndi uku.

Komatu mbewu inamera. Amene munaphunzirako Chiarabu ndi kabuku ka Qasas an-Nabiyyin, nkhani za aneneri zolembedwa m'Chiarabu chosavuta, dziwani kuti wolemba wake, Sheikh Abul Hasan Ali Nadwi, amene anamwalira mu 1999, anaphunzira ndi kuphunzitsa pa Nadwa yomweyo. Paja ndinati zipatso zawo ena tinadyako.

Mayeso ena anabwera mu 1907. Mfuti inawomba mwangozi kunyumba kwawo, ndipo phazi lawo linadulidwa. Sanasiye kulemba. Zaka zimenezi ndi zimene anatulutsa Mawazna-e-Anis-o-Dabir, buku loyerekeza alakatuli awiri a Chiurdu odziwika ndi ndakatulo zolira za ku Karbala, komanso She'r al-Ajam, mbiri ya ndakatulo za Chifarisi imene pamapeto pake inafika magawo 5. Shehe wa fiqhi ndi hadisi ankaona kuti kudziwa kukoma kwa mawu ndi gawo la ilimu. Nchifukwa chake Chiurdu chawo chimawerengeka mosavuta, ziganizo zomveka, zopanda zokometsera zambiri.

SIRAT-UN-NABI

Ntchito imene ankaiona kuti ndi yaikulu kuposa zonse inali mbiri ya Mtumiki Muhammad, swalla Allahu alayhi wasallam. Olemba a ku Ulaya monga William Muir ndi David Margoliouth anali atatulutsa mabuku a moyo wa Mtumiki, ndipo achinyamata achisilamu ophunzira Chingerezi ankamudziwa Mtumiki wawo kudzera m'mabuku amenewo. A Shibli anaona kuti kukwiya sikukwanira. Pafunika buku lolembedwa mosamala kuposa awowo.

M'mawu oyamba a bukuli anafotokoza njira yawo. Qur'an ikhale patsogolo, kenako hadisi zotsimikizika, kenako mabuku a sira, ndipo nkhani za m'mabuku a sira ziyesedwe ngati mmene hadisi zimayesedwera. Sanaope kunena kuti nkhani zina zofooka zimene otsutsa Chisilamu ankagwiritsa ntchito zinachokera m'mabuku a Asilamu eni ake, ndipo anadzudzula kwambiri al-Waqidi pa nkhani ya kudalirika. Ndalama zothandizira ntchitoyi zinachokera kwa mayi, Sultan Jahan Begum, amene ankalamulira dziko la Bhopal. Alongo anga, mfundo imeneyi musaidumphe.

Allah sanawapatse masiku oti amalize. Atadwala anaitanitsa wophunzira wawo, Sayyid Sulaiman Nadwi, n'kumusiyira zolemba zonse ndi pempho loti amalize sira. Anamwalira pa 18 November 1914 ku Azamgarh ali ndi zaka 57. Gawo loyamba linasindikizidwa mu 1918, mwini wake atapita kale. Sulaiman Nadwi anasanja zimene mphunzitsi wake anasiya n'kulemba magawo otsatira, mpaka bukuli linafika magawo 7.

Asanamwalire anapereka nyumba ndi munda wawo ku Azamgarh ngati wakfu kuti pakhale malo a olemba mabuku. Patangopita masiku ochepa chimwalirireni, ophunzira awo anatsegula Darul Musannifin, kutanthauza nyumba ya olemba. Ilipo mpaka lero, ndipo magazini yake, Ma'arif, yakhala ikutuluka kuyambira 1916. Kumeneko kunatuluka mabuku ambiri a mbiri ya maswahaba. Mutu umodzi susenza denga, ndipo iwo anadziwa zimenezi nthawi ikadalipo. Chinanso chosangalatsa: Sheikh Safiur Rahman Mubarakpuri, wolemba Ar-Raheeq al-Makhtum, buku la sira limene ambiri tili nalo m'mafoni mwathu, anabadwiranso m'boma lomweli la Azamgarh.

NANGA IFE?

Choyamba ndi kufufuza tisanatumize. Tsiku lililonse pa WhatsApp pamabwera "hadisi" yopanda dzina la buku, nkhani ya chozizwitsa yopanda malo ndi chaka, mawu oikidwa m'kamwa mwa wasayansi woti sanawanene. Timatumiza chifukwa zikukometsa dini yathu. Koma kunamizira Mtumiki ndi tchimo lalikulu ngakhale cholinga chikhale chabwino. Kwathu ku Mwanza Asilamu ndife ochepa poyerekeza ndi Mangochi kapena Machinga, ndipo si zachilendo kupezeka uli Msilamu wekha m'kalasi monse. Zikatero funso lililonse la Chisilamu limabwera kwa iwe. Ukayankha ndi nkhani yopeka, mnzako n'kukafufuza n'kupeza kuti ndi bodza, mawa ngakhale unene zoona sadzakumvera. Mafunso a Shibli ndi osavuta kuwakumbukira: wanena ndani, anazitenga kuti, kodi zikugwirizana ndi zimene zili zotsimikizika? Ukapanda yankho, funsa shehe wodziwa. Safunsa anadya phula.

Chachiwiri ndi kusiya kunyozana. Iwe wa ku madrasa, Chiarabu chako ndi kiyi wa mabuku a zaka zoposa 1,000, koma anthu amene udzawatsogolere adzakufunsa za ngongole za kubanki, za mankhwala, za malo a makolo ndi za malamulo a dziko lino. Mayeso a MSCE usawaone ngati mdani. Iwe wa ku yunivesite, digiri yako siikupatsa ufulu wopereka fatwa. Bwerera pa mkeka, ukhale pansi pamaso pa mwalimu amene mwina Chingerezi sadziwa koma akudziwa zimene iwe sukudziwa. Pa tchuthi, wa sukulu athandize ana a madrasa masamu ndi Chingerezi, wa madrasa awongole kawerengedwe ka Qur'an ka mnzakeyo. Zimenezi sizifuna ndalama ya bungwe lililonse.

Chachitatu ndi kulemba m'chiyankhulo chathu. A Shibli ankatha kulemba Chiarabu chabwino, ndipo poyankha Jurji Zaydan, wolemba mbiri wa ku Cairo, analembadi m'Chiarabu. Koma mabuku awo akuluakulu anawalemba m'Chiurdu, kuti wogulitsa m'sitolo ndi mayi wa pakhomo awerenge. Ife Alhamdulillah Qur'an inamasuliridwa m'Chichewa ndi m'Chiyao, ndipo pa Radio Islam timamva maphunziro m'ziyankhulo zathu. Koma mbiri yathu bwanji? Chisilamu chinafika ku Nkhotakota ndi Jumbe Salim bin Abdallah cha m'ma 1840. Mafumu achiyao monga Makanjira ndi Mponda anachilandira m'zaka zotsatira. Masheikh monga Abdallah bin Haji Mkwanda ndi Thabit bin Muhammad Ngaunje anayenda m'midzi kuphunzitsa ndi kusula aphunzitsi ena. Zambiri zimene zinalembedwa za anthu amenewa zili m'Chingerezi, monga buku la Malawi's Muslims limene David Bone anasonkhanitsa n'kutuluka mu 2000. Agogo athu amene makolo awo anaphunzira kwa masheikh amenewa sangaliwerenge. Mng'ono wako wa Sitandade 6 sangaliwerenge.

Ndiye nayi ntchito ya sabata ino, kwa aliyense kumene ali, kaya ndi kwa Kanduku, ku Liwonde, ku Salima kapena ku Johannesburg. Pitani kwa munthu wamkulu kwambiri wa pa mzikiti wanu, mupereke salamu, mupemphe nthawi yawo mwaulemu. Afunseni kuti mzikitiwu unamangidwa liti, anaupereka malo ndani, mwalimu woyamba anali ndani ndipo anaphunzira kwa yani. Lembani dzina la amene wakuuzani ndi tsiku limene wakuuzani. Imeneyo ndiye riwaya. Kenako kafunseni wachiwiri ndi wachitatu. Akasiyana, musasankhe nkhani yokoma. Yerekezani ndi zinthu zodziwika: zinachitika njala ya 1949 isanafike kapena itadutsa? Dziko litalandira ufulu mu 1964 kapena lisanalandire? Imeneyo ndiye diraya. Mukatero lembani tsamba limodzi kapena awiri m'Chichewa kapena m'Chiyao chomveka, mukawawerengere akuluakuluwo kuti akonze pamene mwaphonya, ndipo kope limodzi likhale ku mzikiti.

Akuluakulu amenewa sadikira kuti timalize digiri. Chaka chilichonse timaswalira janaza anthu amene m'mutu mwawo munali mayina, zaka ndi maulendo oti palibe anawalemba. Foni yojambulira mawu tili nayo m'thumba, chinthu chimene a Shibli analibe pamene ankakopera mabuku ndi dzanja ku Istanbul.

Allah awakhululukire Maulana Shibli Nomani, aphunzitsi awo ndi ophunzira awo, pamodzi ndi masheikh athu amene anatifikitsira dini m'dziko lino. Atipatse ilimu yothandiza, lilime lonena zoona, ndi mtima wovomera choonadi kulikonse kumene chachokera. Ameen.